Le Corbusier

Le Corbusier (6 Okutobala 1887 – 27 Ogasiti 1965) anali katswiri wojambula mapulani a nyumba ndi mizinda. Dzina lake lenileni linali Charles-Édouard Jeanneret. Amadziwika chifukwa chomanga ndi konkire yosapaka pulasitala komanso luso lolowetsa kuwala kwa dzuwa m'nyumba.

Moyo wake

Anabadwira m'tauni ya La Chaux-de-Fonds ku Switzerland, komwe bambo ake ankakongoletsa mawotchi. Kamangidwe ka konkire yokhala ndi zitsulo m'kati anakaphunzira kwa Auguste Perret ku Paris. Anakhazikika mumzindawu mu 1917 ndipo anakhala nzika ya France mu 1930.

Ntchito zake

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mabanja ambiri ku France analibe pokhala. Pakati pa 1947 ndi 1952 iye anamanga Unité d'Habitation ku Marseille, chinyumba chosanja chokhala ndi nyumba 337, mashopu m'kati mwake ndi malo osewerera ana padenga. Makoma ake anawasiya momwe anatulukira m'matabwa oumbira, mizere ya matabwawo ikuonekabe. Konkire yotereyi pa Chifalansa imatchedwa béton brut, ndipo ambiri amati dzina la kamangidwe ka brutalism linachokera pamenepo.

Tchalitchi cha ku Ronchamp, chomwe chinatha mu 1955, chili ndi makoma ochindikala ndi timazenera tosiyana kukula. Pakati pa denga ndi khoma anasiyapo kampata kuti kuwala kuzilowa pang'ono. Ku Chandigarh, m'dziko la India, anajambula nyumba za boma zokhala ndi zotchinga dzuwa za konkire, kuti m'kati muziwala koma osatentha.

Kamangidwe ka konkire yosapakayi kanafika mpaka kuno kwathu. Chitsanzo ndi nyumba zoyambirira za University of Zambia ku Lusaka, zomwe anajambula akatswiri ena.

Omutsutsa

Mu 1925 anapereka pulani yogwetsa mbali ina ya pakati pa Paris n'kumangapo nyumba zazitali, koma sinatheke. Ena amamudzudzula kuti omutsanzira anamanga midadada yomwe anthu sankasangalala kukhalamo. Amadzudzulidwanso chifukwa chofunafuna ntchito ku boma la Vichy, lomwe linkagwirizana ndi Germany pa nthawi ya nkhondo.

Imfa yake

Anamwalira akusambira m'nyanja ku Roquebrune-Cap-Martin ali ndi zaka 77. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika ntchito zake 17, za m'mayiko 7, pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.