Daniel Kachamba: katswiri wa gitala amene anatchukitsa Malawi kunja

Achinyamata amene amaimba magitala m'malo ogona alendo a ku Senga Bay, m'boma la Salima, kawirikawiri amazungulira pa makhodi atatu okha. Si ambiri mwa iwo amene amadziwa kuti m'modzi mwa anthu amene anaonetsa kuzama kwa makhodi atatuwo anali Mmalawi, malemu Daniel Kachamba, yemwe maimbidwe ake anafufuzidwa ndi kulembedwa m'mabuku ku Ulaya.

Kachamba anabadwa m'chaka cha 1947. Bambo ake, a James Kachamba, analinso woimba gitala. M'zaka za m'ma 1950 banjali linkakhala ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, ndipo kumeneko n'kumene Daniel anamva nyimbo za kwela zochokera ku Johannesburg, za akatswiri a chitoliro monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Banjali litabwerera kumudzi kwa Singano ku Chileka, iye ndi mng'ono wake Donald anayambitsa gulu la Kachamba Brothers Band. Daniel ankaimba gitala, Donald chitoliro, ndipo ena ankathandiza ndi babatoni ya chingwe chimodzi komanso maseche.

Luso lake lenileni linali pa kayendetsedwe ka makhodi. Khodi ndi mawu atatu kapena anayi omveka nthawi imodzi, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Nyimbo ikakhala mu kiyi ya C, khodi ya C ndiyo pakhomo, pamene khutu limapumira. Ya F imachotsa womvera pakhomopo, pomwe ya G7 imamukokera kubwerera, chifukwa mawu a B ndi F omwe ali m'kati mwake sakhazikika kufikira atagwera pa C ndi E. Oimba jazi ku America amakonda kudzera pa Dm7, kenako G7, n'kukafika pa C, ndipo panjirapo amaonjezera makhodi ena ambiri. Kwela satero. Amatenga makhodi atatu aja n'kuwaika pa mkombero waufupi umene umabwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kotero kuti G7 ikangofika pa C ulendo umayambanso.

Kwa munthu wongomva patali, zimenezi zimaoneka zophweka. Koma m'kati mwa mkombero wochepawo Kachamba ankaimba besi ndi chala chachikulu, chala cholozera chikuimba nyimbo pamwamba, mawu akewo akudutsa pakati, moti womvera ankayesa kuti magitala ndi awiri. Ankachuna zingwe m'njira zosiyanasiyana malinga ndi mtundu wa nyimbo, kaya ndi sinjonjo, simanjemanje, lumba kapena hauyani. Zonsezi anaziphunzira ndi khutu, osati papepala.

M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi abalewa mumzinda wa Blantyre ndipo anawajambula mawu ndi kanema. Ubale umenewu ndiwo unawatsegulira khomo lakunja: mu 1972 anakaimba ku Nairobi ndi ku Germany, ndipo mu 1974 Kubik anatulutsa buku lotchedwa The Kachamba Brothers' Band. M'zolemba zake Kubik anafotokoza kuti mikombero yotereyi, ngakhale imaimbidwa pa chida chochokera kunja, mizu yake ili m'maimbidwe akale a muno mu Africa. Kwathu kuno anthu ankangomutchula kuti Dokotala Kachamba, ndipo nyimbo zake zinkamveka pa wailesi ya MBC.

Daniel Kachamba anamwalira mu July 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40. Donald anapitiriza ntchitoyo, nakaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, asanamwalire mu 2001.

Chodandaulitsa n'chakuti zambiri mwa zomwe anajambulidwa zinasungidwa ndi kusindikizidwa kunja, ndipo mphunzitsi wa nyimbo ku Salima kapena ku Nkhotakota sangazipeze mosavuta. Akuluakulu oona za chikhalidwe ndi maphunziro ali ndi mpata wozibweretsa m'makalasi, chifukwa mwana wofuna kumvetsa ntchito ya C, F ndi G7 angaimve msanga pa gitala ya Kachamba kusiyana ndi m'buku lolembedwa ku London.