Sir William Grove, Woweruza Amene Anatulutsa Magetsi mu Mpweya

William Robert Grove anabadwa pa 11 Julayi 1811 mumzinda wa Swansea, m'dziko la Wales. Atate ake anali woweruza milandu ya m'deralo, ndipo mwanayo nayenso analowera ku zamalamulo. Atatsiriza maphunziro ku Brasenose College ku Oxford, analoledwa mu 1835 kuimirira anthu pa milandu. Koma thupi lake silinali lolimba, kotero kuti ntchitoyo anayamba waiika padera, nakhala akucheza ndi mabotolo a asidi ndi mawaya.

Mu 1839 anapanga batire la zinki ndi pulatinamu lomwe linali lamphamvu kuposa mabatire ena a masiku amenewo. A kampani za matelegalamu ku America analikonda kwambiri, koma chikondicho sichinakhalitse, pakuti batirelo linkatulutsa utsi wapoizoni wodzaza chipinda, ndipo mphamvu yake inkatsika likamagwira ntchito.

Chimene dzina lake likukumbukiridwa nacho ndi china. Anthu ankadziwa kale kuti magetsi amagawa madzi kukhala mipweya iwiri, haidulojeni ndi okosijeni. Grove anafuna kuona ngati mipweyayo itabwererana ingabweze magetsiwo. Anatenga timachubu tagalasi, ena a haidulojeni, ena a okosijeni, naika kachidutswa ka pulatinamu m'kachubu kalikonse, naviika kukamwa kwake mu asidi wosungunula. Mu 1842 analumikiza timabatire totere 50, ndipo magetsi ake anagwedeza anthu asanu ogwirana manja, nagawanso madzi. Ichi ndicho chiyambi cha chipangizo chimene lero chimatchedwa fuel cell. Christian Friedrich Schönbein wa ku Basel anaona zofananazo nthawi yomweyo, ndipo awiriwa anali mabwenzi olemberana makalata.

Pulatinamu pa ukwati umenewu ndiye nkhoswe. Mipweya iwiriyo payokha imangoyang'anana, koma nkhoswe ikakhalapo imagwirizana, madzi nabadwa. Grove anaona msanga pamene pagona vuto: ntchito yonse imachitikira pa kamzere kakang'ono pamene mpweya, asidi ndi chitsulo zakumana, ndipo kamzereko kakamira kapena kuda, magetsi amazilala. Apa anaona patali ndithu, chifukwa mpaka lero akatswiri akulimbana ndi kamzere komweko.

Iye mwini sanalimbikire. Anaphunzitsa ku London Institution kuyambira 1841, nasindikiza mu 1846 buku lotchedwa On the Correlation of Physical Forces, lofotokoza kuti kutentha, kuwala, magetsi ndi kuyenda kwa zinthu zimasandulika china kukhala chinzake. Kenaka, pokhala ndi banja lalikulu lofunika kudyetsa, anabwerera ku makhoti. Mu 1856 anali m'gulu la maloya oimirira William Palmer, dokotala amene anapachikidwa chifukwa chopha mnzake ndi poizoni. Anakhala woweruza wa khoti lalikulu mu 1871, anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1872, napuma ntchito mu 1887. Anamwalira ku London pa 1 Ogasiti 1896, chipangizo chake chikadali choseweretsa cha m'nyumba zoyeseramo sayansi.

Amene anachidzutsa ndi Francis Bacon wa ku Cambridge, yemwe anataya pulatinamu nagwiritsa ntchito nikelo. Nayenso dzimbiri linamusautsa kufikira atathirako lifiyamu. Mafuel cell a mtundu wake ndiwo anapatsa magetsi ndi madzi akumwa amuna amene anapita kumwezi mu 1969.

Tsono nkhoswe ya Grove njodula. Pulatinamu wambiri amakumbidwa ku South Africa, makamaka kufupi ndi Rustenburg, winanso ku Zimbabwe ndi ku Russia. N'chifukwa chake akatswiri anatembenukira ku kaboni, yemweyo wa m'makala, namulowetsa nayitirojeni, kawirikawiri pamodzi ndi kachitsulo pang'ono. Njirayi inayamba ndi Raymond Jasinski mu 1964, ndipo kaboni wotere akakhala watsopano amayandikira pulatinamu pa ntchito.

Kukhalitsa ndiko kukuvuta. Mayi aliyense wa m'tsinde mwa mapiri a Mafinga ku Chitipa amadziwa kuti khala likakumana ndi mpweya pa mbaula limanyeka. M'kati mwa fuel cell mulibe lawi, komabe kaboni amanyeka pang'onopang'ono nasanduka mpweya, makamaka poyatsa ndi pozimitsa galimoto. Ndiponso okosijeni wina salekezera pa madzi: amasanduka haidulojeni perokosaidi, mankhwala aja otsukira zilonda, amene amadya kaboni ndi nayitirojeni yemwe. Asidi naye amasungunula tizitsulo tija, pomwe madzi obadwawo amatseka timabowo todutsa mpweya, monga momwe kamzere ka Grove kankamirira.

Mu 2011 akatswiri a ku Los Alamos ku America analengeza za kaboni wa nayitirojeni, chitsulo ndi kobalti amene anagwira ntchito maola 700 osafooka kwenikweni, ngakhale kuti anamuyesa pa mphamvu yochepa. Muyeso umene boma la dzikolo linaika pa fuel cell ya galimoto yaing'ono ndi maola 8,000.