FRANCIS BACON: WAPAMPANDO WA AKALONGA AMENE ANAGWETSEDWA NDI MAKALATA AWIRI

Pakati pa mwezi wa Malichi m'chaka cha 1621, anthu awiri osatchuka, Christopher Aubrey ndi Edward Egerton, anafika ndi makalata a madandaulo ku Nyumba ya Malamulo ya dziko la England ku Westminster. Aubrey ananena kuti anapereka mapaundi 100 kwa woweruza wamkulu wa bwalo la Chancery mlandu wake usanathe. Egerton anati iye anapereka mapaundi 400. Chimene chinawawawa kwenikweni nchakuti ndalama zinapita, koma mlandu unawagwerabe. Woweruza amene anali kumunenezayo ndiye Francis Bacon, Lord Chancellor, wosunga Chidindo Chachikulu cha ufumu, ndiponso wapampando wa Nyumba ya Akalonga, imene Angerezi amaitcha House of Lords. Asanakwane masabata asanu ndi atatu, Nyumba yomweyo imene iye anali kuitsogolera inamuweruza nimuchotsa pa udindo.

Bacon anabadwa pa 22 Januwale 1561 m'nyumba yotchedwa York House mu London. Atate wake, Sir Nicholas Bacon, anali wosunga Chidindo Chachikulu cha Mfumukazi Elizabeth I. Mai wake, Anne Cooke, anali wophunzira ndithu, wodziwa Chilatini ndi Chigriki, ndipo mkulu wake wa maiyo anakwatiwa ndi William Cecil, Lord Burghley, nduna yaikulu ya Mfumukazi. Munthu angaganize kuti mwana wotere anapeza njira yolambulidwa kale. Anayambadi bwino: analowa sukulu ya Trinity College ku Cambridge mu 1573 ali ndi zaka 12, napita ku France mu 1576 pamodzi ndi kazembe wa dziko lake. Koma mu 1579 atate wake anamwalira asanamukonzere chuma, ndipo pokhala mwana wamwamuna wotsiriza sanalandire zambiri. Anabwerera naphunzira malamulo ku Gray's Inn, nayamba kuimira anthu pa milandu mu 1582. Kuyambira pamenepo ngongole sinamusiye moyo wake wonse. Mu 1598 anagwidwa nayo kumene.

Chodabwitsa nchakuti mbiri yake m'Nyumba ya Malamulo inamveka koyamba pamene anatsutsana ndi akalonga omwewo. Mu 1593 anali phungu wa Middlesex m'Nyumba ya M'munsi, ya aphungu osankhidwa, yotchedwa House of Commons. Burghley anauza aphungu kuti akalonga sadzavomereza msonkho wochepera magawo atatu, ndi kuti Nyumba ziwirizo zikambirane pamodzi za kuchuluka kwake. Bacon anakana. Anati mwambo ndi wakuti aphungu ndiwo amayamba kunena za msonkho, pakuti ndiwo oimira anthu amene amaulipira. Ndipo anapemphanso kuti utoleredwe m'zaka zisanu ndi chimodzi, kuopa kuti alimi angagulitse ndi miphika yomwe. Mfumukazi inapsa mtima. Udindo wa Attorney General, mkulu wa oimira Boma pa milandu, umene iye anali kuuyembekeza, unapatsidwa kwa Edward Coke mu 1594, ndipo udani wa anthu awiriwa unakula kufikira tsiku la kugwa kwa Bacon.

Zaka zotsatira sizimukometsa. Earl of Essex anali bwenzi lake, womupempherera maudindo ndi kumupatsa malo. Koma pamene Essex anaukira Mfumukazi mu 1601, Bacon anali mmodzi wa omuneneza pa bwalo. Mfumu James I atalowa ufumu mu 1603, zinthu zinayamba kumuyendera. Aphungu anzake anali kumutuma kawirikawiri kukawalankhulira kwa akalonga, ndipo mu 1610 ndiye anakapereka kwa Mfumu kalata ya madandaulo a aphungu onse. Anakhala Solicitor General mu 1607, Attorney General mu 1613, wosunga Chidindo mu 1617, ndi Lord Chancellor mu 1618, chaka chimene anapatsidwanso ukalonga. Pakati pa zonsezi anali kulemba mabuku amene dziko limamukumbukira nawo, monga Novum Organum la mu 1620, lophunzitsa kuti nzeru ya zolengedwa ipezedwe poyesa ndi kupenyetsetsa, osati pongobwereza mau a akale.

Pa bwalo la Chancery anagwira ntchito mwachangu chosowa. Bwaloli linali la anthu amene malamulo wamba sanawathandize, ndipo linali ndi mbiri ya kuchedwetsa milandu. Bacon anayamba kukhalapo mu Meyi 1617, ndipo pofika Juni anali kunena monyadira kuti palibe mlandu umene unatsala wosamvedwa.

Tsono mpando wake wina, wa ku Nyumba ya Akalonga, unali wotani? Chipinda chao chinali chaching'ono ndi chakale, chomwe chija chimene Guy Fawkes ndi anzake anafuna kuphulitsa ndi wonga mu 1605. Mabishopu, amene anali ndi mipando 26, anali kukhala mbali imodzi, ndi akalonga ena monga mwa ukulu wao. Pakati panali matumba aakulu odzaza ndi ubweya wa nkhosa, chikumbutso cha malonda amene analemeretsa England. Pa limodzi panali kukhala Lord Chancellor. Pa ena oweruza a mabwalo aakulu, amene anaitanidwa kudzapereka uphungu wa malamulo koma analibe voti. Anali kuyamba m'mawa ndi mapemphero, ndipo makomiti anali kukumana masana.

Bilu iliyonse, ndiko kuti lamulo losavomerezedwa, inali kuwerengedwa katatu. Popeza panalibe makope osindikizidwa oti aliyense agwire m'manja, mlembi anali kuiwerenga mokweza, ndipo Chancellor anali kufotokoza mwachidule mitu yake. Ikawerengedwa kachiwiri inali kupita ku komiti, kumene oweruza aja anathandiza kuwongola mau. Kenaka inalembedwa bwino pa chikopa. Pa kuwerenga kwachitatu akalonga anali kuyankha mmodzimmodzi, kuyambira wamng'ono pa onse kukwera m'mwamba, ngati akhutira kapena sakhutira. Kalonga wodwala kapena wokhala kutali anali kusiyira mnzake voti yake. Bilu ikadutsa m'Nyumba zonse ziwiri, Mfumu inali kuivomereza kapena kuikana ndi mau a Chifalansa chakale.

Owerenga asaganize kuti masiku onse anali a nkhondo, chipembedzo ndi msonkho. Ntchito yambiri inali yaing'ono, ya munthu mmodzi kapena mudzi umodzi. Mwini malo womira m'ngongole anafuna chilolezo chogulitsa munda umene makolo anaumanga kuti usatuluke m'banja. Wina anafuna kutsimikizira mkazi wake chuma chodzadyera umasiye. Mlendo wobadwira kunja anafuna kuwerengedwa ngati Mngerezi. Mwana wa munthu wophedwa pa mlandu woukira anafuna kubwezeredwa dzina ndi cholowa. Mabilu otere anali odula, pakuti alembi, alonda a pakhomo ndi wapampando yemwe anali ndi malipiro ao pa bilu iliyonse. Nthawi inanso inali kupita pa nkhani za ulemu wa akalonga eni ake, monga wantchito wa kalonga akagwidwa chifukwa cha ngongole Nyumba ili mkati mokumana.

Koma panali khomo limodzi limene linatsekeka. Kalekale, m'zaka za m'ma 1300, munthu wosowa chilungamo anali kutha kudandaula ku Nyumba ya Malamulo, ndipo panali anthu osankhidwa kulandira ndi kuyesa makalata otere. M'masiku a Bacon maina a olandira ndi oyesa madandaulo anali kuwerengedwabe potsegulira Nyumba, kuphatikizapo a madandaulo ochokera ku Gascony, dziko limene Angerezi analandidwa mu 1453. Unali mwambo wopanda kanthu m'kati. Mphamvu ya akalonga yoweruza nduna zonenezedwa ndi aphungu nayonso inali itagona zaka zoposa 150.

Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa pa 30 Januwale 1621, itakhala yosaitanidwa kuyambira 1614. Mfumu inafuna ndalama, chifukwa mkamwini wake Frederick anali atapirikitsidwa ku Bohemia. Ndipo Bacon anali mwa amene analangiza kuti aphungu aitanidwe. Kotero nthawi imene iye anatsogoleradi akalonga inali masabata owerengeka chabe. Aphungu anafika ndi mkwiyo pa zilolezo zimene Mfumu inapatsa anthu ena kuti okhawo agwire malonda akutiakuti. Sir Giles Mompesson, amene anali kufinya eni nyumba za alendo ndi chilolezo chotere, ndiye anali woyamba. Aphungu atafufuza m'zolembedwa zakale anaona kuti iwo okha alibe mphamvu yomulanga, natengera nkhaniyo kwa akalonga, amene anamuweruza pa 26 Malichi iye atathawa kale. Amene anali patsogolo pa zonsezi ndiye Coke, amene anachotsedwa pa uweruzi mu 1616 Bacon atathandizira. Bacon mwini anali mwa alangizi amene anavomereza zina mwa zilolezozo, koma pa mfundo imeneyi Mfumu inamutchinjiriza.

Pa makalata a Aubrey ndi Egerton sinathe kutero. Inayesa kuti nkhaniyo iperekedwe kwa kabungwe ka akalonga 6 ndi aphungu 12, koma maganizowo sanatsatidwe. Aphungu anatumiza madandaulowo ku Nyumba ya Pamwamba, imene inali ndi mphamvu yolumbiritsa mboni pamene iwo analibe. Bacon anadwala nagona kunyumba, ndipo Sir James Ley, mkulu wa oweruza, anakhala pa thumba la ubweya m'malo mwake. Akalonga anakhazika makomiti atatu ofunsa mboni. Mlembi wina wa ku Chancery, John Churchill, amene iye mwini anali pa mlandu wa chinyengo, anaulula maina ena. Nkhani ya Lady Wharton, amene anapereka ndalama mlandu wake uli mkati, inatulukanso. Potsiriza mitu ya mlandu inakwana 28.

Pali zimene zinganenedwe pomuchepetsera mlandu, ndipo sizabodza. Oweruza a nthawi imeneyo anali kudyera malipiro ndi mphatso za anthu koposa malipiro a Boma, ndipo kupereka mphatso mlandu utatha, kapena pa Chaka Chatsopano, kunali kozolowereka. Antchito a Bacon, amene iye sanawayang'anire, anali kulandira zambiri m'dzina lake. Iye analimbikira kunena kuti mphatso sinapotoze chiweruzo chake, ndipo Aubrey ndi Egerton, amene anapereka nagonjabe, ali ngati mboni zake pa mfundoyi. Nzoonanso kuti adani ake anafuna munthu woti asenze mkwiyo wa dziko. Komabe zonsezi sizifafaniza chimene iye mwini anavomera, kuti pa milandu ina analandira chokometsera mlandu chiweruzo chisanaperekedwe. Munthu wokongola mapaundi 100 kuti akapereke kwa woweruza sakupereka mphatso ya chikondi, ndipo Bacon, wodziwa malamulo koposa ambiri a m'badwo wake, sakanalephera kudziwa zimenezi.

Sanadziteteze pa bwalo. Kalata yake yoyamba yogonja inafika kwa akalonga pa 24 Epulo m'manja mwa Charles, mwana wa Mfumu. Iwo anaikana chifukwa inavomera mwachisawawa, nafuna yankho pa mutu uliwonse. Pa 30 Epulo anayankha mitu yonse, ndipo akalonga ena anatumidwa kunyumba kwake kukamufunsa ngati dzanja losayinalo linali lake. Chidindo chinatengedwa pa 1 Meyi. Pa 3 Meyi chiweruzo chinaperekedwa iye palibe: chindapusa cha mapaundi 40,000, kutsekeredwa m'linga la Tower kwa nthawi imene Mfumu ifuna, kusagwiranso udindo uliwonse, kusakhalanso m'Nyumba ya Malamulo, ndi kusayandikira bwalo la Mfumu mailosi 12. Buckingham, wokondedwa wa Mfumu, ndiye yekha anatsutsa.

Nyumba ya Malamulo ya 1621 inabalalitsidwa yosapanga lamulo lina koma a msonkho. Koma khomo lija linali litatseguka, ndipo silinatsekekenso. Chaka chomwecho akalonga anakhazika komiti ya madandaulo, nalemba kwa nthawi yoyamba malamulo a kayendetsedwe ka Nyumba yao. Analemba ntchito John Selden kuti afufuze za mphamvu zao zakale, ndipo mlembi wao watsopano, Henry Elsynge, anasamala zolembedwa zao m'nsanja ya Jewel Tower; chifukwa cha ichi zinapulumuka moto wa mu 1834 umene unanyeketsa zambiri za aphungu. Mu Disembala 1621 Sir John Bourchier anadandaula kuti John Williams, wolowa m'malo mwa Bacon, anaweruza mlandu wake mothamanga. Akalonga anapeza kuti Williams sanalakwe, nalamula Bourchier kupepesa. Koma anali atamva dandaulo lotsutsa chiweruzo cha Chancery. Makalata anali ochepa poyamba, koma pofika 1640 ndi 1641 anali kufika mazanamazana, ochokera kwa amasiye, amalonda, abusa a mpingo ndi akaidi a ngongole. Mu 1624 Lionel Cranfield, msungichuma wa ufumu, amene anathandiza kuyambitsa kafukufuku wa mabwalo mu 1621, anagwa mwa njira yomweyo. Ntchito ya akalonga monga bwalo lotsiriza la apilo inakhalapo kufikira 2009, pamene inaperekedwa ku bwalo latsopano la Supreme Court.

Bacon anakhala m'linga masiku ochepa chabe, ndipo Mfumu sinatolere chindapusa chija. Koma tsopano wolemba makalata opempha anali iye: kwa Mfumu, kwa Buckingham, ndi kwa akalonga amene anamuweruza. Kuti aloledwe kubwerera ku London anayenera kusiya York House, nyumba imene anabadwiramo, nigwa m'manja mwa Buckingham mu 1622. Anapempha kukhala mkulu wa sukulu ya Eton, namanidwa. Zaka zisanu zotsalazo anazithera pa kulemba: mbiri ya Mfumu Henry VII inatuluka mu 1622, ndipo New Atlantis inasindikizidwa iye atamwalira. M'Nyumba ya Akalonga sanakhalemonso.

Anamwalira pa 9 Epulo 1626 ku Highgate, m'nyumba ya Earl of Arundel, ali ndi zaka 65. Nkhani imene inamveka pambuyo pake imati anazizidwa pamene anatsika m'ngolo kukayesa ngati chipale chingasunge nyama ya nkhuku kuti isaole. Anaikidwa m'tchalitchi cha St Michael ku St Albans, nasiya ngongole zoposa mapaundi 20,000.