Olof Krans, mnyamata wa ng'ombe amene anajambula mudzi wake

Tikafuna kudziwa mmene anthu oyamba a mudzi wa Bishop Hill, m'chigawo cha Illinois ku America, ankakhalira ndi kugwirira ntchito, timadalira zithunzi za munthu mmodzi amene sanapiteko kusukulu yophunzitsa zojambulajambula. Dzina lake ndi Olof Krans.

Krans anabadwa pa 2 Novembala 1838 m'dziko la Sweden. Ali mwana, mlaliki wina dzina lake Erik Jansson anayamba kutsutsana ndi mpingo wa boma wa Lutheran. Ankaphunzitsa kuti Baibulo lokha ndi lokwanira, mpaka anatentha poyera mabuku ena achipembedzo. Atamangidwa kangapo, iye ndi omutsatira anawoloka nyanja kupita ku America, ndipo mu 1846 anakhazikitsa mudzi wa Bishop Hill, kumene minda ndi katundu zinali za onse. Chiyambi chinali chowawa. M'nyengo yozizira yoyamba anthu ankagona m'nyumba zokumba pansi, ndipo ambiri anamwalira. Banja la Krans linafika mu 1850, chaka chimene Jansson anawomberedwa ndi mfuti n'kufa.

Mnyamatayo anayamba ntchito yoyendetsa ng'ombe zolimira, kenako anagwirako kosula zitsulo ndi kopenta. Mu 1861 moyo wogawana zonse unatha, katundu anagawidwa, ndipo anthu anayamba kubalalika. Chaka chomwecho iye analowa usilikali kumbali ya kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Atabwerako anakhazikika m'tauni ya Galva, pafupi ndi Bishop Hill, kumene ankadya za kupenta nyumba ndi kulemba zikwangwani.

Ntchito imene timamukumbukira nayo anaiyamba atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60. Pamene mudziwo unkakumbukira mu 1896 kuti watha zaka 50, ambiri mwa oyambitsa anali atamwalira, ndipo adzukulu awo ankakula akulankhula Chingerezi. Krans anatenga penti n'kuyamba kujambula zimene anaona ali mwana. Tikayang'ana zithunzizo tikuona amayi atandanda pamzere umodzi akubzala chimanga motsatira chingwe, abambo akumweta mbewu ndi zikwakwa zazitali pamene amayi akumanga mitolo pambuyo pawo, ndiponso amayi akukhoma mizati ya mlatho. Anajambulanso nkhope za akuluakulu a mudziwo, zambiri potengera zithunzi zakale za kamera. Nkhopezo n'zosamwetulira, za anthu amene anaona mavuto.

Luso lotere linali ndi mizu kwawo. Anthu ambiri a ku Bishop Hill anachokera kudera la Hälsingland, kumene alimi ankaitana amisiri a kumudzi kudzakongoletsa makoma a zipinda ndi maluwa komanso nkhani za m'Baibulo. Krans sanakopere zojambula za m'makomazo. Anapitiriza mwambo wa mmisiri wodziphunzitsa yekha amene amajambulira anthu a kwawo, koma anauveka nkhani zatsopano: chigwa chachikulu cha Illinois, chimanga, ndi anthu ogwira ntchito mogwirizana. Apa ndi pamene tikuona kuti mwambo ukasamuka sukhala moyo pongobwereza zakale, koma posimba za moyo umene eni ake akukhala.

Krans anamwalira pa 4 Januwale 1916 m'tauni ya Altona. Zithunzi zake zambiri lero zikusungidwa m'nyumba yoonetseramo zakale ku Bishop Hill, imene imayang'aniridwa ndi boma la Illinois. Chaka ndi chaka mu Seputembala, mudziwo umachita chikondwerero cha zokolola chotchedwa Jordbruksdagarna, ndipo zidzukulu za osamukawo zimabwera kudzaona kumene makolo awo anayambira.

Akanadikira kuti padzabwere katswiri wophunzira kwambiri, zambiri za moyo wa mudziwo zikanapita kumanda limodzi ndi eni ake. Iye anagwiritsa ntchito zimene anali nazo, penti ya mmisiri wa nyumba ndi zimene maso ake anaona. N'chifukwa chake ife, patatha zaka zoposa 100 chimwalirireni, tikutha kuona nkhope za anthu a ku Bishop Hill ndi thukuta lawo.