Brenda Fassie ndi chimbale chomwe chinamudzutsa

Brenda Fassie anabadwa pa 3 Novembala 1964 ku Langa, dera la anthu akuda mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Iye anali chitsirizira m'banja la ana asanu ndi anayi, ndipo anayamba kuimba ali wamng'ono pambali pa mayi ake omwe ankaliza piyano. Ali ndi zaka 16, katswiri wojambula nyimbo, Koloi Lebona, anamutengera ku Johannesburg. M'chaka cha 1983 Brenda pamodzi ndi gulu la The Big Dudes anatulutsa nyimbo ya Weekend Special, yomwe inamutchukitsa m'dziko lonselo. Pambuyo pake anagwirizana ndi Sello Chicco Twala, ndipo awiriwa anatulutsa nyimbo monga Too Late for Mama ndi Black President, yotamanda Nelson Mandela.

Kutchukaku kunadza ndi mavuto ake. Ukwati wake ndi Nhlanhla Mbambo, omwe unamangidwa mu 1989, sunakhalitse. Brenda analowerera m'mankhwala ozunguza bongo, nayamba kujomba kumadansi omwe anthu anali atalipira kale. Mu 1995 anapezeka m'chipinda cha hotela ku Johannesburg pafupi ndi mtembo wa bwenzi lake, Poppie Sihlahla, yemwe anafa ndi mankhwala omwewo. Nyuzipepala zinkalemba za zochita zake kuposa za nyimbo zake, ndipo ambiri anati zake zada.

Chimene chinamudzutsa ndi chimbale cha Memeza, dzina lomwe tanthauzo lake ndi kufuula. Pa chimbalechi Brenda anabwereranso kwa Twala. Mmalo mwa Chingerezi chomwe anayamba nacho, anadalira kwambiri zilankhulo zakwawo, ndipo anasakaniza mayimbidwe ake akale ndi chamba cha kwaito chomwe achinyamata ankachikonda panthawiyo. Nyimbo yomwe inanyamula chimbale chonse ndi Vulindlela, momwe mayi akusangalala kuti mwana wake wamwamuna akukwatira, uku akuuza amiseche kuti apatuke panjira.

Memeza ndicho chinagulidwa koposa zimbale zonse ku South Africa mu 1998, ndipo chinalandira mphotho ya South African Music Awards pa chifukwa chimenechi. Mu 1999 Brenda anapatanso mphotho ya Kora, ndipo chipani cha ANC chinagwiritsa ntchito Vulindlela pokopa anthu pachisankho cha chaka chomwecho. Zimbale zotsatira, Nomakanjani, Amadlozi ndi Mina Nawe, zinagulidwanso kwambiri. Mu 2001 magazini ya Time inalemba za iye ndi kumufanizira ndi Madonna. Olemba nkhani omwe anali atamutaya anayamba kumutchula mfumukazi ya nyimbo zovina mu Africa.

Kuno ku Malawi chimbalechi chinapeza njira yotseguka. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, msewu wodzera ku Tete unayambanso kuyendeka bwino, ndipo mabasi ndi mathiraki ochokera ku Joni ankalowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Zobue ndi Mwanza. Amalawi obwera kuchokera kuntchito ndi kumalonda ankanyamula makaseti pamodzi ndi mabulangete ndi mawailesi. Motero Vulindlela inamveka m'mabala, m'minibasi ndi pamaukwati. Ambiri mwa ovinawo sankamva mawu ake, komabe anazindikira kuti ndi nyimbo yaukwati, pakuti chimwemwe cha mayi wokwatitsa mwana komanso miseche ya anansi ndi zinthu zomwe mudzi uliwonse umazidziwa. Apa ndi pomwe panagona mphamvu ya Memeza: Brenda anaimba za pakhomo, m'chilankhulo cha pakhomo, ndipo anamveka kutali kuposa kale.

Ngakhale chimbalechi chinabweza ulemu wake, sichinamuchotse m'ukapolo wa mankhwala. Pa 26 Epulo 2004 anakomoka kunyumba kwake, ndipo anagonekedwa pachipatala cha Sunninghill, komwe Mandela ndi Thabo Mbeki anakamuzonda. Anamwalira pa 9 Meyi 2004 ali ndi zaka 39, ndipo madokotala anapeza kuti cocaine ndiye anadzetsa imfayo. Anasiya mwana mmodzi, Bongani, yemwenso ndi woimba. Mu 2006 chifanizo chake chamkuwa chinaikidwa ku Newtown mumzinda wa Johannesburg.

Mbiri ya Brenda ikutiphunzitsa kuti luso likhoza kudzutsa munthu yemwe anthu amutaya, koma palokha silichiza bala lomwe lili mkati mwa mwini lusoyo.