J. M. Barrie (1860–1937) ndi Chiyambi cha Mau Akuti Wendy House

James Matthew Barrie anabadwa pa 9 May 1860 ku Kirriemuir, m'dziko la Scotland, m'banja la munthu woomba nsalu. Mu 1867 mkulu wake David anafa pangozi akuseŵera pa madzi oundana, ndipo mai ao anadzitonthoza ndi ganizo lakuti mwanayo adzakhalabe mwana mpaka muyaya. Ganizo limeneli silinamchoke Barrie. Atatsiriza maphunziro pa Yunivesite ya Edinburgh mu 1882, anagwira ntchito ya utolankhani ku Nottingham, nasamukira ku London mu 1885.

Kumeneko anadziŵana ndi Margaret, mwana wa mlakatuli W. E. Henley. Mtsikanayu, polephera kutchula r m'liu lakuti friend, ankamutcha Barrie fwendy, ndipo mwa kubwereza tsinde, monga achitira ana kulikonse, ankatinso fwendy-wendy. Anamwalira mu 1894 ali ndi zaka 5. Pa 27 December 1904 seŵero la Peter Pan linaonetsedwa koyamba ku Duke of York's Theatre; m'seŵeromo anyamata amangira kanyumba mtsikana wotchedwa Wendy atalasidwa ndi muvi. Dzinali linalipo kale, koma mwa apo ndi apo. Barrie ndiye analiwanditsa.

Motero mau akuti Wendy house, kanyumba koseŵereramo ana, ndi dzina lamwini lophatikizidwa ku dzina wamba, ndipo wosadziŵa seŵerolo sangatulukire gwero lake. Kusiyana kwake ndi zilankhulo zathu nkoonekeratu. Ku Makokoba, lokeshoni yakale koposa ya Bulawayo, kumene anthu ambiri a ku Nyasaland anakhala pofuna ntchito, masanje amatchedwa amandlwane m'Chindebele, kuchokera ku indlu, nyumba, ndi mphatikiram'mbuyo wochepsa; mwana aliyense atha kuimva nyumbayo m'kati mwa liulo. Mau a Chingerezi aja, popeza analibe chowamangirira ku maseŵera, sanachedwe kusuntha: ku South Africa amatanthauza kanyumba ka matabwa ka kuseri kwa nyumba, kamene mabanja osauka, kuphatikizapo Amalaŵi, amalipira mwezi ndi mwezi kuti agonemo.

Barrie sanabereke mwana. Mu 1929 anapereka umwini wa Peter Pan ku chipatala cha ana cha Great Ormond Street. Anamwalira ku London pa 19 June 1937, naikidwa ku Kirriemuir, kumene kuseri kwa nyumba yobadwiramo kukali kanyumba kochapira komwe ankachitiramo maseŵero ake oyamba.