Tikvah Alper

Tikvah Alper (22 Januwale 1909 – 2 Febuluwale 1995) anali katswiri wa sayansi wobadwira ku South Africa amene anafufuza mmene cheza champhamvu chimaonongera zamoyo. Amadziwika kwambiri chifukwa chosonyeza, mu 1966 ndi 1967, kuti chinthu chomwe chimayambitsa nthenda ya nkhosa ya scrapie sichifa ndi cheza chomwe chimapha mavairasi ndi mabakiteriya. Lero chinthucho chimatchedwa prion.

Ubwana ndi maphunziro

Alper anali chitsirizira m'banja la ana aakazi anayi. Makolo ake anali Ayuda omwe anachokera ku Russia. Anaphunzira sekondale ku Durban, kenako anachita physics pa University of Cape Town ndipo anamaliza mu 1929. Kuyambira 1930 mpaka 1932 anali ku Berlin, kumene anagwira ntchito pansi pa Lise Meitner, mayi wodziwika pa kafukufuku wa maatomu.

Atabwerera kwawo mu 1932 anakwatiwa ndi Max Sterne, dokotala wa ziweto wa ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria. Sterne ndi amene anapanga katemera wa anthrax amene akugwiritsidwabe ntchito pa ziweto m'maiko ambiri. Alper sanasinthe dzina la bambo ake. Pa nthawiyo mkazi wapabanja sankalembedwa ntchito yokhazikika m'masukulu aukachenjede, choncho kwa zaka zingapo ankathandiza mwamuna wake pa kafukufuku. Anabereka ana aamuna awiri. Woyamba anabadwa wosamva, ndipo Alper anaphunzira ntchito yophunzitsa ana osamva kuti amuthandize yekha.

Mu 1948 anapatsidwa udindo woyang'anira gawo lina la National Physics Laboratory. Mu 1951 anasaina kalata yotsutsa tsankho la apartheid, zomwe zinamuika pa mkangano ndi boma, ndipo banja lonse linasamukira ku London. Anayamba ntchito pa chipatala cha Hammersmith, m'gawo la kafukufuku wa cheza la Medical Research Council, lomwe analitsogolera kuyambira 1962 mpaka 1974.

Kafukufuku wa scrapie

Scrapie ndi nthenda ya ubongo ya nkhosa ndi mbuzi yomwe alimi a ku Ulaya akhala akuidziwa kuyambira zaka za m'ma 1700. Nkhosa yodwala imadzikanda pamitengo ndi pamipanda mpaka ubweya kuthothoka, imayenda dzandidzandi, imawonda, kenako imafa. Ilibe mankhwala. Zizindikiro zimatenga zaka kuti zioneke.

Madokotala a ziweto anali ataona kale kuti nthendayi ndi yachilendo. M'zaka za m'ma 1930 ku Scotland anapanga katemera wa nthenda ina kuchokera ku ubongo wa nkhosa, ndipo anamuthira formalin kuti tizilombo tonse tife. Patapita zaka ziwiri nkhosa zambiri zomwe zinabayidwa katemerayo zinadwala scrapie. Formalin sanachite kanthu.

Alper anabwera ndi njira ya physics. Cheza chikamawombedwa pa kanthu, kanthu kakakulu kamalasidwa msanga, pomwe kakang'ono kamafuna cheza chochuluka kuti kalasidwe, monga mmene kulasa mpheta ndi legeni kumathera miyala yambiri kusiyana ndi kulasa nkhanga. Ndiye poyeza kuchuluka kwa cheza chomwe chapha kachilombo, munthu angathe kudziwa kukula kwake ngakhale sanakaone. Pogwira ntchito ndi David Haig ndi Michael Clarke a ku Compton, Alper anawomba cheza pa ubongo wa mbewa zodwala scrapie, kenako ubongowo unabayidwa mu mbewa zabwinobwino ndi kudikira miyezi kuti aone ngati zidwale. Zotsatira za 1966 zinasonyeza kuti chinthucho ndi chaching'ono kwambiri kuposa mavairasi onse odziwika pa nthawiyo.

Mu 1967, m'magazini ya Nature, iye ndi anzake anafotokoza kafukufuku wachiwiri. Anagwiritsa ntchito kuwala kwa ultraviolet kwa 254 nm, komwe kumaononga DNA ndi RNA ndipo kumagwiritsidwa ntchito popha tizilombo m'madzi ndi m'zipatala. Mbewa zinadwalabe. Alper anaganiza kuti chinthucho mwina chimachulukana chopanda DNA kapena RNA. Akatswiri ambiri anakana, chifukwa chamoyo chilichonse chodziwika chimadalira zinthu ziwirizi kuti chiberekane.

Chaka chomwecho katswiri wa masamu John Stanley Griffith anafotokoza mmene puloteni ingachulukanire payokha. Mu 1982 Stanley Prusiner wa ku San Francisco anapereka dzina loti prion, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1997. Chodabwitsa n'chakuti Alper mwiniwake sanakhutire ndi mfundo yoti chinthucho ndi puloteni basi. Mpaka ukalamba wake ankakhulupirira kuti ndi kachidutswa ka chikuto cha selo. Pamenepa anaphonya, koma miyeso yake ya 1966 ndi 1967 inakhala yoona.

Chifukwa chake ma prion amakhalitsa

Prion ndi puloteni ya m'thupi momwemo yomwe yapindika molakwika. Ikakumana ndi inzake yabwino imaipindanso, ndipo zimaunjikana mu ubongo. Mulibe DNA yoti cheza chiilase, n'chifukwa chake Alper anaona zomwe anaona.

Izi zikutanthauza kuti njira zomwe anthu amadalira tsiku ndi tsiku sizikwanira. Mlimi wa ku Nathenje kapena wogulitsa nyama pa msika wa Mitundu amadziwa kuti kuphika, kuwamba pamoto ndi kuyanika padzuwa kumapha tizilombo tambiri, ndipo sakulakwa. Koma prion siifa ndi kuwiritsa wamba. Zipangizo za chipatala zomwe zakhudza ubongo wa wodwala zimafunika kunyikidwa mu sodium hydroxide kapena mu klorini wamphamvu kwambiri kwa ola limodzi, ndi kutenthedwa ndi nthunzi pa 134°C, apo ayi kuotchedwa kumene.

Mu 1991 Paul Brown ndi Carleton Gajdusek anafotokoza kuti anakwirira m'nthaka ubongo wa tinyama totchedwa hamster todwala scrapie, ndipo atafukula patatha zaka zitatu unali ukupatsirabe nthenda. Ku Iceland, kumene alimi ankapha nkhosa zonse za pafamu ndi kudikira zaka asanabweretse zina, kafukufuku wa 2006 anapeza kuti nthendayi inabukanso m'khola lina patapita zaka 16. Akatswiri a ku Wisconsin anasonyeza kuti ma prion amamatirira kwambiri ku dongo la mtundu wa montmorillonite, ndipo akamatirira chomwecho amapatsira nthenda mosavuta chiweto chikadya dothilo. Zimenezi ndi mbali ya vuto la agwape a ku North America omwe akudwala chronic wasting disease.

Amaonongeka ndithu, koma pang'onopang'ono. M'malabotale kwapezeka kuti mitundu ina ya ndere zomera pamiyala ndi pamakungwa ili ndi ma enzyme omwe amaphwanya ma prion, chimodzimodzinso mchere wina wa manganese wa m'nthaka. Anthrax wa Sterne naye amakhalitsa m'nthaka zaka zambiri, monga zinaonekera mu 2018 pamene mvuu zambiri zinafa ku Liwonde, koma iye ndi bakiteriya ndipo ali ndi katemera. Scrapie ilibe.

Zaka zomaliza

Atapuma ntchito mu 1974 anapitiriza kulemba, ndipo mu 1979 anatulutsa buku la Cellular Radiobiology. Anakhala ndi moyo mpaka kuona nthenda ya misala ya ng'ombe ya BSE, yomwenso imayamba ndi prion, itabuka ku Britain mu 1986. Anamwalira ku Sarisbury, m'chigawo cha Hampshire, ali ndi zaka 86. Mu Malichi 1996, patangotha chaka chimodzi, boma la Britain linalengeza kuti mtundu watsopano wa nthenda ya Creutzfeldt-Jakob mwa anthu ukuoneka kuti ukuchokera ku nyama ya ng'ombe zodwala BSE. Max Sterne anamwalira mu 1997.